HUD ikamakusocheretsani pa flop: kuwerenga wosewera molingana ndi mpando wake

Amene amasewera poker ya No Limit Hold'em pa intaneti atayatsa PokerTracker 4, Hold'em Manager 3 kapena Hand2Note amakumana ndi vuto ili kawirikawiri. HUD, kabokosi ka ziwerengero kamene mapulogalamuwa amaika pambali pa wosewera aliyense, ikuonetsa kuti mnzanu amafolda 60% akabetcheredwa c-bet, beti imene amaika pa flop munthu amene anakweza flop isanatuluke. Mwabetcha pa flop (makadi atatu oyamba a pa tebulo) mulibe kanthu, iye walipira. Mwabetchanso pa turn (khadi lachinayi), walipiranso. Pasanathe mphindi khumi zachitikanso chimodzimodzi ndi munthu yemweyo, ndipo mwayamba kukayikira pulogalamu. Nthawi zambiri pulogalamu imakhala ilibe mlandu. Nambalayo ndi yoona, koma yasakaniza zinthu zosayenera kukhala mbale imodzi: mmene munthuyo amachitira ali pa mpando wa BB, mmene amachitira ali pa mpando wa BTN, ma pot a anthu awiri, ma pot a anthu anayi, mabeti aang'ono ndi aakulu. Inu mwafunsa za mpando umodzi, iyo yakuyankhani za mipando yonse.

Pa tebulo la anthu 6 mipando ndi UTG, HJ, CO, BTN, SB ndi BB motsatana, ndipo SB ndi BB ndi amene amakakamizidwa kuika ndalama makadi asanagawidwe. Flop isanatuluke amayamba ndi UTG. Ikangotuluka, dongosolo limasintha: amayamba SB, kenako BB, ndipo BTN ndiye amatsiriza mpaka pa river (khadi lachisanu, lomaliza). Wosewera komaliza HUD imamulemba IP, woyamba imamulemba OOP.

Yambani mwaona kanambala kakang'ono ka pambali

Musanakhulupirire peresenti iliyonse, onani kuti yachokera pa mipata ingati. Mpata si hand. Hand ndi nthawi iliyonse imene makadi agawidwa. Mpata ndi nthawi imene munthuyo anafika penipeni pamene chinthucho chikanachitika. VPIP (kangati munthu amalowa mu pot mwa kufuna kwake) ndi PFR (kangati amakweza flop isanatuluke) zimapeza mpata pafupifupi pa hand iliyonse, n'chifukwa chake zimakhazikika msanga. Ziwerengero za pambuyo pa flop sizitero ayi.

Tiyerekeze muli ndi ma hand 600 a munthu wina. Akuoneka ambiri. Koma pa mipando 6, pa UTG wakhalapo ka 100 kokha. Ngati amatsegula ndi 16% ya makadi, ndiye kuti wakweza ka 16. Nthawi zina onse anafolda, nthawi zina wina anamubwezera 3-bet (kukwezanso pamwamba pake), mwina zimene zinafika pa flop iye ali wokweza ndi 8. Ndiye "c-bet ya pa UTG" imene mukuiona ikuimira mipata 8. Akabetcha kasanu, anzake n'kulipira katatu, nambala yake ya pa turn ikuimira mipata 3. Hand imodzi yokha ikhoza kuichotsa pa 33% n'kuiika pa 50%.

Pali masamu ophweka odziwira kukula kwa chikaiko. Nambala ikakhala chapakati, cha m'ma 50%, gawani 100 ndi square root ya mipata. Pa mipata 9 nambala yeniyeni ikhoza kukhala pamwamba kapena pansi ndi 33. Pa mipata 25 ndi 20, pa 100 ndi 10, pa 400 ndi 5. Choncho 60% yochokera pa mipata 25 ikungokuuzani kuti munthuyo ali penapake pakati pa 40% ndi 80%, ndipo pakati pamenepo pali osewera osiyana kotheratu.

Chochita choyamba ndi kukonza HUD kuti ionetse chiwerengero cha mipata pambali pa peresenti, kapena kuti nambala ya mipata yochepera 20 izioneka yotuwa. Mapulogalamu atatu aja onse ali ndi poikira zimenezi. Chachiwiri ndi kusakaniza nambala ya munthuyo ndi ya gulu lonse limene mumasewera nalo. Tsegulani database yanu, pezani mmene osewera onse a pa mlingo wanu amachitira pamalo omwewo. Tinene kuti onse pamodzi amafolda 45%, ndipo mnzanu wafolda ka 6 pa mipata 8, HUD ikuti 75%. Muonjezereni mipata 20 yongoyerekeza ya gululo, imene ili ndi kufolda ka 9. Zikhala 15 pa 28, pafupifupi 54%. Imeneyo ndiyo nambala yoyenera kuseweretsa. Mipata yake ikamachuluka, 20 ija imachepa mphamvu yokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chimodzi chimene mipata yochepa imatha kukuuzani: zinthu zonyanyira. Munthu amene wabetcha c-bet ka 12 pa mipata 12 n'zokayikitsa kuti ndi wa 40%. Koma kusiyanitsa wa 55% ndi wa 65% kumafuna mipata mazana.

Dzina la mpando silinena amene akutsiriza

Ambiri akaona vutoli amathamangira kugawa c-bet m'mipando yonse 6. Pamenepo alakwitsa kawiri: mipata aiphwanya zidutswazidutswa, ndipo chimene amafuna sanachipeze. CO akakweza, BB n'kulipira, CO ndi IP. CO yemweyo akakweza, BTN n'kulipira, ndi OOP. Wosewera wodziwa amabetcha kwambiri pamalo oyambawo ndipo amachita check kwambiri pamalo achiwiriwo, chifukwa BTN amene walipira amakhala ndi makadi osankhidwa bwino komanso amaona zonse asanachite kanthu. Nambala yolembedwa "CO c-bet" imaphatikiza zonse ziwiri n'kutulutsa chapakati chimene sichichitika paliponse.

Gawani kaye pawiri pokha: IP ndi OOP. Mipata imachuluka msanga ndipo kusiyana kwenikweni kuli pamenepo. Mipata ikafika 40 kapena 50 mbali iliyonse, gawaninso: wokweza kuchokera ku UTG ndi HJ mbali ina, wochokera ku CO ndi BTN mbali ina. SB polimbana ndi BB apatseni mzere wake, chifukwa pamenepo onse awiri amakhala ndi makadi ambirimbiri ofooka ndipo wokweza ndiye amayamba.

Sefa zina ziwiri musaziiwale. Yoyamba ndi chiwerengero cha anthu pa flop. Ngati aliyense amafolda theka la nthawi, anthu awiri amafolda onse pafupifupi 25% yokha, atatu pafupifupi 12%. Aliyense woganiza amachepetsa c-bet pamenepo. Pa matebulo a ndalama zochepa, pomwe anthu amakonda kulipira, ma pot oterewa ndi ambiri, ndipo amakokera pansi c-bet ya munthu mpaka kuoneka wamantha pamene ali wolusa mukakhala awiri. Yachiwiri ndi mtundu wa pot. Tinene kuti onse ayamba ndi 100bb (bb ndi ndalama imene BB amaika makadi asanagawidwe). BTN akakweza 2.5bb, BB n'kulipira, pot ndi 5.5bb ndipo kumbuyo kwatsala 97.5bb. SB akabweza 3-bet ya 10bb, BTN n'kulipira, pot ndi 21bb, kumbuyo 90bb. Koyambako ndalama zotsala zikuposa pot pafupifupi ka 18, kwachiwiriko kanayi kokha, moti top pair (pair ya khadi lalikulu la pa tebulo) imene mukanaisamala imasanduka yoikira zonse. Ndi masewero awiri osiyana, nambala zake zisakumane.

70% ya UTG si 70% ya BTN

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri amataya ndalama ngakhale mipata ili yokwanira. Peresenti ya pambuyo pa flop ndi gawo la range, ndiye kuti gulu la makadi onse amene munthu anabwera nawo. Mpando ndi umene umasankha kukula kwa gululo. Makadi awiri amatha kuphatikizana m'njira 1,326, zotchedwa ma combo. Wotsegula 15% pa UTG ali ndi ma combo pafupifupi 200. Wotsegula 45% pa BTN ali ndi pafupifupi 600.

Tengani flop ya K♠ 7♦ 2♣. Makadi atatu amenewa akachoka, UTG amatsala ndi ma combo pafupifupi 176. Werengani amene ali ndi top pair kapena kuposa: AA ndi 6, KK ndi 3, 77 ndi 3, AK ndi 12, KQ ndi 12, KJ ndi KT za mtundu umodzi ndi 3 iliyonse. Onse pamodzi 42, pafupifupi kamodzi pa kanayi. Pamwamba pa apo ali ndi QQ mpaka 88, ma combo ena 30 amene sakuopa kwenikweni.

BTN amatsala ndi pafupifupi 530. Ali ndi ma K ambiri: AK mpaka K9 zonse ndi 60, ma K ang'onoang'ono a mtundu umodzi ndi 19, AA ndi ma set atatu (KK, 77 ndi 22) ndi 15. Onse 94. Achuluka kuposa a UTG, koma ali m'chigulu chachikulu katatu, ndiye ndi 18% yokha. Otsalawo ambiri ndi zinthu ngati J9, T8, Q6, 54, zimene pa flop iyi sizinakhudze kanthu.

Tsopano onse awiri abetche 70%. UTG wabetcha ma combo 123, ndipo 42 mwa iwo ndi amphamvu: kamodzi pa katatu. BTN wabetcha 371, amphamvu 94: kamodzi pa kanayi, ndipo ambiri mwa amenewo ndi K wokhala ndi kicker (khadi lachiwiri la m'manja) yofooka. HUD ikuonetsa nambala imodzi, koma kwa woyambayo 7 yanu ndi yoyenda nayo mosamala, pamene kwa wachiwiriyo ndi yolipira popanda kuzengereza, ngakhale A yokha yokhala ndi backdoor draw imakwanira pa beti yaing'ono.

Ndiye ikani nambala ya kutsegula pa mpando uliwonse, imene imalembedwa RFI kapena Raise First In, moyandikana ndi c-bet. Muziwerenga ziwirizi pamodzi nthawi zonse: watsegula zingati pano, ndipo mwa zimenezo akubetcha zingati. Kumbukirani kuti makadi awiri osafanana amagwira pair pa flop 32% yokha, ndipo pocket pair imasanduka set pafupifupi 12%, kamodzi pa maulendo 8 ndi theka. Wotsegula zambiri n'kumabetcha 80% sangakhale ndi kanthu nthawi zonse, masamu akukana.

Chenjezo limodzi: c-bet yokwera si kulakwitsa payokha. Pa flop youma ngati K-7-2, BTN akhoza kubetcha pafupifupi range yake yonse ndi beti yaing'ono polimbana ndi BB, ndipo akusewera bwino. Cholakwika chimaoneka akamachita zomwezo pa 8-7-6 kapena 6-5-4, pomwe BB ali ndi ma straight ndi ma two pair ambiri. Kugawa nambala ya munthu mmodzi molingana ndi maonekedwe a flop n'kosatheka pa mipata imene muli nayo, popeza ma flop osiyana kwenikweni alipo 1,755. Zimenezo zilembeni pamanja mukaona makadi ake pa showdown, pomwe otsala amaonetsa makadi kumapeto.

BB akamaoneka ngati amafolda mopitirira

BTN akakweza 2.5bb, SB n'kufolda, BB amalipira 1.5bb kuti alimbirane pot ya 5.5bb. Akungofunika mwayi wopambana wa 27%. Mtengo wotsika chonchi umamulowetsa ndi makadi ofooka ambiri, ndipo pa flop ambiri amakhala atamuphonya. Choncho fold to c-bet ya pa BB imakhala yokwera mwachibadwa. Munthu yemweyo akalipira ali pa BTN polimbana ndi UTG, wabwera ndi ma pocket pair ndi makadi akuluakulu a mtundu umodzi, ndipo ali IP. Pamenepo sachoka msanga. Popeza mipata yambiri ya fold to c-bet imachokera pa BB, nambala yophatikiza imakhala ya BB atavala malaya a mipando yonse. 60% ija ya kumayambiriro kawirikawiri imachokera apa: munali OOP mukubetchera munthu wa pa BTN ndi nambala imene anaipeza ali pa BB.

Kenako pali kukula kwa beti, kumene nambala wamba siikuona n'komwe. Bluff yopanda mwayi uliwonse imabweza ndalama zake mnzanu akamafolda mlingo uwu: beti kuigawa ndi beti kuphatikiza pot. Pa gawo limodzi mwa magawo atatu a pot ndi 25%, pa theka ndi 33%, pa magawo awiri mwa atatu ndi 40%, pa pot yathunthu ndi 50%. Tsono 45% ndi yambiri kapena yochepa? Zitengera beti imene anakumana nayo. Ngati anzanu ambiri pa mlingo wanu amabetcha zing'onozing'ono, 45% ndi munthu wotaya ma pot mosavuta. Ngati amabetcha zazikulu, 45% ndi munthu wolimba. Hand2Note ndi PokerTracker 4 zimalola kupanga ziwerengero zogawidwa ndi kukula kwa beti. Magulu awiri ndi okwanira: pansi pa theka la pot, ndi kuyambira theka kupita m'mwamba.

Pambali pa fold to c-bet ya pa BB ikani check-raise, kuchita check kenako n'kukweza akabetcheredwa. Anthu awiri akhoza kufolda mofanana, koma wina akatsala amangolipira, wina amakweza. Amene check-raise yake ili pansi pa 5% pa mipata 60 kapena kuposa, akakweza amakhala ndi set, two pair kapena draw yamphamvu kwambiri. Top pair ya kicker yofooka itayeni popanda chisoni, ndipo mubetchereni c-bet yaing'ono pafupipafupi chifukwa sakulangani. Amene wapitirira 15% amakweza ndi ma draw ndi zongoopseza. Kwa ameneyo chitani check ndi makadi apakati monga second pair, kuti asakuthamangitseni pa pot imene mukutsogola.

Donk bet, pomwe BB amabetcha asanadikire wokweza, imapeza mipata yambiri. Koma peresenti yake siinena ngati ndi mphamvu kapena kufooka. Dikirani showdown ziwiri kapena zitatu, mulembe zimene waonetsa ndi kukula kwa beti yake.

Wabetcha pa flop, nanga pa turn?

Nambala ya flop payokha ndi theka la nkhani. Yang'anani mmene ikutsikira: flop, turn, river. Wa 75% pa flop ndi 35% pa turn amawombera kamodzi n'kusiya. Wa 45% pa flop ndi 65% pa turn amasankha asanayambe, ndipo akayamba amapitiriza. Ameneyu musamulipire pa flop ndi chiyembekezo chakuti atopa.

Mankhwala odziwika a woyambayo ndi float: kulipira pa flop muli IP n'cholinga chotenga pot akachita check pa turn. Ambiri amaichita ndi makadi opanda pake n'kumadabwa kuti ndalama sizikubwera. Tiyeni tiwerenge. CO wakweza 2.5bb, inu pa BTN mwalipira, pot ndi 6.5bb. Wabetcha 3bb, mwalipira, pot yafika 12.5bb. Pa turn amabetchanso 35%, inu n'kufolda, mwataya 3bb. Pa 65% yotsalayo amachita check, inu n'kubetcha 8bb. Akafolda mwapindula 9.5bb, akalipira mwataya 11bb. Ngati amafolda 60% pamenepo, zonse pamodzi mukutaya pafupifupi 0.2bb nthawi iliyonse. Ngati amafolda 70%, mukupindula pang'ono kuposa 1bb. Kusiyana kwa 10 kokha kwatembenuza zonse, ndipo nambala imeneyo ndi ija ya mipata yochepetsetsa.

Ndiye musadalire c-bet ya pa turn yokha. Pezani nambala ya zimene amachita akabetcheredwa atachita check, chifukwa ena amachita check ndi makadi abwino ali OOP n'kumalipira mpaka pa river. Ndipo chitani float ndi makadi amene akhoza kukula: gutshot (straight yosowa khadi lapakati) ili ndi ma out 4, ndiye kuti makadi 4 amene angaikwaniritse, makadi awiri oposa onse a pa tebulo ali ndi 6, open-ended ili ndi 8, flush draw ili ndi 9 ndipo imalowa 19% pa turn, 35% pofika pa river. Mwayi umenewo ndi umene umakweza float yotayitsa pang'ono kukhala yopindulitsa. Muli OOP, pa BB, njirayi imafooka kwambiri: mnzanu akachita check pa turn amaona river kwaulere, ndipo inu mumabetcha musanadziwe kuti khadi latsopanolo lamuthandiza kapena ayi.

AF

AF, nambala yoyeza ukali wa wosewera, imawerengedwa chonchi: kubetcha kuphatikiza kukweza, kugawa ndi kulipira. Kufolda mulibemo. Munthu amene pa mipata 10 wabetcha katatu, walipira kamodzi, wafolda ka 6, AF yake ndi 3. Wina wabetcha ka 6, walipira kawiri, wafolda kawiri, AF yake ndi 3 yomweyo. Woyambayo akabetcha thawani, wachiwiriyo mulipireni. AFq, peresenti ya nthawi zimene munthu amabetcha kapena kukweza, imawerengera kufolda, ndipo imawasiyanitsa bwino: 30% ndi 60%. Ichotseni AF pa HUD, ikani AFq ya flop, turn ndi river. Muonenso tanthauzo la nambalayo m'pulogalamu yanu, chifukwa ena amawerengera check m'munsi mwa masamuwo ndipo ena sawerengera, moti nambala ya pulogalamu ina simungaifananize ndi ya ina.

WTSD, W$SD ndi WWSF

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Zitatuzi zimagwira ntchito zili pamodzi. WTSD ndi kangati munthu amafika pa showdown akaona flop, W$SD ndi kangati amapambana akafikako, WWSF ndi kangati amatenga pot mwa njira iliyonse akaona flop. Osewera okhazikika a pa matebulo a anthu 6 amakonda kukhala cha pakati pa 25% ndi 30% pa yoyamba, ndi mozungulira 50% pa yachiwiri. WTSD ya 36% ndi W$SD ya 43% ndi munthu wosafuna kufolda: lekani bluff, mubetchereni ndi makadi apakati amene kwa ena mukanachita check. WTSD ya 21% ndi W$SD ya 58% ndi munthu amene amafika kumapeto ali ndi katundu yekha: mukankheni pa turn ndi pa river, koma iye akabetcha kwambiri mukhulupirireni. WWSF yokwera pamodzi ndi WTSD yotsika ndi chizindikiro cha wotenga ma pot mwa kuopseza.

Nambala izi musazigawe m'mipando pokhapokha muli ndi ma hand zikwizikwi. Pa ma hand 600, munthu amene amaona flop kamodzi pa kasanu waona ma flop 120 ndipo wafika pa showdown cha m'ma 30. W$SD yochokera pa 30 imayendera kwambiri mmene makadi anagwera, osati luso lake.

Pamene vuto lilidi m'makina

Nthawi zina nambala imakhala yolakwika kwenikweni. Onani izi motsatana, kuyambira chophweka. Kodi bokosi la HUD lili pa munthu woyenera? Mukasankha mpando wokhazikika m'pulogalamu ya malo osewerera koma osauza tracker (pulogalamu ya HUD ija), mabokosi onse amasuntha, n'kumawerenga nambala za munthu wa kumanzere ngati za wa kumanja. Dzina la m'bokosi lifanane ndi la pa mpando. Kodi ma hand akulowa? Chiwerengero chanu chiyenera kukwera ndi 1 hand iliyonse ikatha. Ngati chaima, foda imene malo osewerera akusungira hand history si imene tracker ikuyang'ana, kapena mafayilowo akusungidwa m'chilankhulo china osati Chingerezi.

Chobisika kwambiri ndi chiwerengero cha anthu pa tebulo. Pa tebulo la 6 pakatsala anthu anayi, woyamba kusewera ndi CO ndipo amatsegula makadi ambiri. Pa tebulo la anthu 9, UTG ali ndi anthu 8 kumbuyo kwake, osati asanu, ndipo amatsegula ochepa kwambiri. Mukakhala awiri okha, BTN ndiye SB, ndipo ma hand oterewa amakweza nambala iliyonse ya ukali. Ikani sefa yakuti HUD iziwerenga ma hand a anthu 5 mpaka 6 okha mukamasewera pa tebulo la 6. Ma tournament asiyanitseni ndi ma cash game: munthu wa 20bb pa tebulo lokhala ndi ante sasewera ngati wa 100bb. Zakale nazonso zimasokoneza, chifukwa anthu amaphunzira. Miyezi 6 yapitayi ndi malire abwino kwa amene mumakumana nawo kawirikawiri.

Chomaliza pa izi sichioneka pa sefa iliyonse. Ma hand onse a m'database yanu ndi amene inu munali pa tebulo, ndipo nambala ya mnzanu ndi ya mmene amachitira ndi anthu onse. Wosewera wokhazikika amene nayenso ali ndi HUD akuona c-bet yanu. Akhoza kumafolda 55% kwa ena koma 35% kwa inu. Pulogalamu ikamalola, yang'anani nambala yolembedwa vs Hero, ya mmene amachitira polimbana ndi inuyo, ngakhale mipata yake imachedwa kuchuluka. Muonenso nambala zanu za IP ndi OOP kamodzi pa mwezi, poti zimene akukuchitirani zikuchokera pamenepo.

Kumene HUD siloledwa, ndi pamene mwawerenga bwino koma mukutayabe

Werengani malamulo a malo amene mukusewera musanayatse chilichonse. GGPoker salola HUD ya kunja, ali ndi yawo yotchedwa Smart HUD imene imaonetsa zochepa. partypoker analetsa ma HUD m'chaka cha 2019. PokerStars amalola, koma ali ndi malire pa zimene HUD ingaonetse, ndipo kugula kapena kusonkhanitsa ma hand amene inu simunasewere nawo n'koletsedwa. Kuthetsa vuto la mipata yochepa mwa njira imeneyo kukhoza kukutsekeretsani akaunti ndi ndalama zili momwemo.

Popanda HUD, kapena pa tebulo la maso ndi maso, cholemba chimodzi chabwino chimaposa peresenti ya mipata 10. Chizikhala ndi mpando wake, mpando wa mnzake, flop, kukula kwa beti ndi makadi amene anaonetsa. Mwachitsanzo: "BTN polimbana ndi BB, K72, wabetcha pang'ono, check pa turn, waonetsa KT." Kameneka kakukuuzani kuti check yake ya pa turn ili ndi top pair, zimene c-bet ya pa turn ya 35% sikanakuuzani. Cholemba chongoti "amakonda bluff" chilibe ntchito pakapita sabata.

Mukhoza kukonza zonsezi n'kupitirizabe kutaya kwa kanthawi. Pa matebulo a anthu 6, standard deviation, muyeso wa kukwera ndi kutsika kwa zotsatira chifukwa cha mwayi, imakhala cha m'ma 80 mpaka 100bb pa ma hand 100. Titenge 90. Pa ma hand 10,000 imakhala 900bb, ma buy-in 9 athunthu a 100bb. Wosewera amene luso lake limamupatsa 5bb pa ma hand 100 amayembekezera 500bb pa ma hand amenewo, ndipo masamu akuonetsa kuti pafupifupi katatu pa maulendo khumi adzamaliza ali pansi. Choncho zotsatira za sabata imodzi sizingakuuzeni ngati kuwerenga kwanu kuli kolondola, ndipo ndalama zosewerera ziyenera kukhala zopatulidwa, zimene kutayika kwake sikukhudza lendi kapena chakudya cha pakhomo. Njira yoyesera ndi iyi: ikani chizindikiro pa hand iliyonse imene munasintha kasewero chifukwa cha nambala. Mukatseka matebulo, tsegulani ma hand amenewo imodziimodzi, muone mipata imene nambalayo inali nayo panthawiyo, ngati inali ya IP kapena OOP, ngati pot inali ya anthu awiri, ndi RFI ya mpando umene mnzanuyo anakhala.